Opita kunyanja, taimaniko pa boma

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhule ndi makolo amene ayamba kale kusonkherana ndalama zoti adzapite ndi ana kunyanja pa Khirisimasi. Ine ndine mbadwa ya kuno ku Mangochi. Chaka chilichonse timaziona galimoto zochokera ku Blantyre, Zomba ndi Lilongwe zikudutsa pa boma pano paliwiro, zitadzaza makuleti, makala, mbaula ndi zimkuzamawu. Zimakaimira pamchenga penipeni. Pakapita masiku angapo zimabwerera paliwiro lomwelo, ndipo mwana mukamufunsa chimene wakaona, amangoti madzi.

Kusambira sindikukunyoza ayi. Mwana wa ku Ndirande kapena ku Kawale amene madzi amangowaonera pampopi ali ndi chifukwa chokuwira akaona nyanja koyamba. Koma tinene zoona, palibe mwana amene amasambira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ikamakwana 11 koloko mchenga wa mu Disembala supondeka ndi phazi, ana atopa ndipo ayamba kulimbirana foni, agogo akhala pansi pa mtengo kulondera zikwama ulendo wonse, abambo ali pa botolo lachingatinso. Nthawi imeneyi ndi imenenso ngozi zimakonda kuchitika, chifukwa woyang'anira ana palibe. Komanso chaka cha 2024 chinatiphunzitsa kanthu: madzi a m'nyanja anakwera kwambiri mpaka mchenga wa malo ambiri ogona alendo unamira. Amene ankadziwa mchenga wokha anaona ngati kunyanja kwatha ntchito, chikhalirecho zinthu zina zonse zinali m'malo mwake.

Yambirani pa boma pomwe mumadutsa osaimapo. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, pamtsinje wa Shire, pali nsanja ya wotchi imene inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, nthawi imene tawuni ino inkatchedwa Fort Johnston. Pambali pake pali mfuti yaikulu imene inachokera pa sitima yankhondo ya Angerezi yotchedwa Guendolen. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, sitima imeneyi inapita kudoko la Liuli, kumene lero ndi ku Tanzania, n'kukaombera sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann imene inali pamtunda ikukonzedwa. Nkhani imati mkulu wa sitima ya Majeremaniyo anali asanamve n'komwe zoti kwabuka nkhondo, ndipo woombera uja, Captain Rhoades, anali mnzake womwa naye. Muuzeni mwana wa Sitandade 7 kuti imodzi mwa nkhondo zoyambirira za pamadzi mu nkhondo yaikulu ija inachitikira pa nyanja imene akukasambamoyo, muone mmene atong'olere maso. Pomwepo palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anafa sitima ya Vipya itamira kumpoto kwa nyanja pa 30 Julayi 1946. Ndimafuna abambo onse aziwerenga chikumbutso chimenechi asanakweze ana awo m'boti lopanda majekete oyandamitsa. Mukayenda pang'ono mupeza Lake Malawi Museum, nyumba yaing'ono yosungiramo zamakedzana, mmene muli za sitima zakale, za usodzi ndi za chikhalidwe cha Ayao. Zonsezi ola limodzi likukwanirani, ndipo ndalama yake siifika ngakhale pa mtengo wa kuleti.

Amene mukupitirira mpaka ku Cape Maclear, ndinu amene mumandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa mumagona m'kati mwa malo amene dziko lonse limawalemekeza koma inu osadziwa. Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika kwa anthu onse padziko. Chifukwa chake si mchenga. Ndi nsomba. Nyanja yathuyi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, mitundu mazanamazana, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse. Pitani ku Otter Point kapena kwerani boti mpaka pa chilumba cha Thumbi, mwana agone chafufumimba pamwala n'kuyang'ana m'madzi. Poyamba saona kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenaka tinsomba totchedwa mbuna timayamba kutuluka m'ming'alu ya miyala, tina tabuluu, tina tachikasu, tina tamizeremizere, kalikonse kakuthamangitsa kanzake pa kamwala kake. Muuzeni kuti nsomba zimenezi, ngakhalenso chambo chimene adye madzulo, zimasunga mazira m'kamwa mpaka ataswa, ndipo tiana tikaona choopsa timathawiranso m'kamwa mwa make. Ndaonapo ana akukana kuchoka pamwala wotere mpaka amayi awo atakalipa. Anyamata a maboti amadziwanso kuitana nkhwazi: amaimba likhweru, n'kuponya kansomba patali, ndiye mumaiona ikunyamuka pamtengo wa pachilumba, n'kudzatola ndi zikhadabo osanyowa n'komwe mapiko. Koma gwirizanani mtengo musanakwere, ndipo jekete yoyandamitsa ya mwana aliyense muione ndi maso anu. Akakuuzani kuti "n'pafupi pomwepa, bwana", musalole.

Pamsewu wolowera ku Cape Maclear pali Mwalawamphini, chimwala chimene chili ndi mizere ngati ya mphini zotemedwa ndi munthu, pamene ndi dzuwa ndi mvula zimene zinachisema. Imani, ana ajambulitse, mupitirire. Koma manda a amishoni musawadumphe, makamaka inu a CCAP. Mishoni ya Livingstonia imene mumaidziwira ku Khondowe inayambira kuno mu 1875, pamene gulu la ku Scotland, mmene munalinso Dr Robert Laws, linafika pa sitima yaing'ono ya Ilala. Sitimayo anachita kuiphwasula n'kuisenza pamutu kuti idutse mathithi a Shire. Malungo anawasautsa kwambiri, ena mwa iwo anaikidwa pomwepo pansi pa phiri, ndipo mu 1881, chaka chimene Albert Namalambe anakhala munthu woyamba kubatizidwa, anasamukira ku Bandawe, asanakwere ku Khondowe mu 1894. Anthu amachita misonkhano yaikulu yokumbukira mbiri imeneyi m'matchalitchi, koma akafika pa mtunda woyenda pansi kuchokera pamandapo amasankha kukhala pa mbaula. Ku Monkey Bay nako, mukachita mwayi mukaipeza Ilala ya masiku ano, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuchokera mu 1951, ili padoko. Kwa mwana amene sanaonepo sitima, kuiona ikupakira matumba, njinga, nkhuku ndi anthu a ku Likoma n'chinthu chosaiwalika.

Koma chimene ndingaike patsogolo pa zonse n'chaulere. Dzukani m'mbandakucha, mutenge ana mupite padoko la asodzi, kaya ndi ku Chembe, ku Msaka kapena doko lililonse lapafupi ndi pamene mwagona. Nyali zimene munaziona usiku zili mbwee pakati pa nyanja n'kumati kutsidyako kuli tawuni, si tawuni ayi. Ndi asodzi a usipa. Pali munthu amene amamutcha siginala, amene amakhala m'bwato ndi nyali zowala kuti usipa usonkhane, ndipo akaona kuti wachuluka amaitana anzake kuti azinge ndi khoka la chilimira. M'mawa mabwato amafika, amayi ogula ali kale m'madzi ofika m'mawondo, mabeseni ali kumanja, mtengo wa ndowa ukukwera ndi kutsika malinga ndi mmene nyanja yaperekera usiku umenewo. Wina akufutsa, wina akuyanika pa thandala, wina akusoka khoka long'ambika atalikola kuchala cha kuphazi. Mwana amene amanyinyirika akaona bonya pambale aone ntchito imene imakhalapo kuti bonyayo afike ku Limbe. Afunse yekha kusiyana kwa utaka, mcheni ndi kampango. Afunsenso za mwera, mphepo ya m'miyezi yozizira imene imatsekereza asodzi kumtunda masiku angapo, ndi chifukwa chake kumapeto kwa chaka, pamene chambo chimaswana, makoka ena amaletsedwa. Apa ndipemphe alendo: wina akakubweretserani tiana ta chambo pamtengo wozizira, musagule. Chambo chatsika kwambiri m'nyanja muno ndi ku Malombe, ndipo amene amalimbikitsa kupha tiana ndi ogula.

Popita m'mudzi kumbukirani kuti muli kwa eni. Anthu ambiri m'boma lino ndi Asilamu, ndipo ngakhale amene si Asilamu sakondwa kuona munthu wamkulu akuyenda pamsika ndi zovala zosambira. Chitenje sichilemera, malaya salemera. Perekani moni musanatulutse foni, ndipo pemphani musanajambule munthu pa ntchito yake. Tikamadandaula azungu akatijambula osapempha, ifenso tisachite zomwezo kwa abale athu chifukwa choti tabwera pa galimoto. Ndipo musamaponyere ana makobidi pawindo. Gulani mkeka, dengu, malambe kapena mango kwa amayi awo.

A ku Blantyre ndi ku Zomba, msewu wanu umadutsa pa Liwonde kawiri, popita ndi pobwera. Pa mlatho paja pali Kamuzu Barrage, zitseko zimene zimayendetsa madzi a Shire, mtsinje wokhawo umene umatulutsa madzi m'nyanja ya Malawi. Madzi amenewo ndi amene amakazunguza makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mwana akamvetsa zimenezi, tsiku lina magetsi akadzathima adzadziwa kuti nkhani ya mitengo ya m'mapiri ndi matope a mumtsinje imamukhudza. Chapafupi pomwepo pali Liwonde National Park, imene bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa mogwirizana ndi boma kuchokera mu 2015. Njovu zinachuluka mpaka zina anazisamutsira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, zinanso ku Kasungu mu 2022. Mikango, imene inali itatheratu, anaibwezeretsa mu 2018. Mu Disembala misewu ya m'katimo imavuta ndi matope, choncho imbani foni kaye, koma ulendo wa pa boti pa Shire, pakati pa mvuu ndi ng'ona, umatheka. Ambiri amaopa poganiza kuti mitengo yake ndi ya azungu. Mtengo wolowera wa Mmalawi ndi wotsika kuposa wa mlendo wakunja, bola mutenge chiphaso cha unzika.

A ku Lilongwe amene mumatsika pa Khwekhwerere kapena kudzera ku Salima, Mua ali pafupi ndi njira yanu. Mishoni ya Akatolika imeneyi inayamba mu 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher anayambitsapo Kungoni, malo osemera ziboliboli ndi kusunga chikhalidwe. Mu Chamare Museum muli zigoba za Gule Wamkulu mazana angapo pamodzi ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Ana ang'onoang'ono ena amachita mantha, ndiye agwireni padzanja.

Ndikudziwa chimene ena ayankhe: mafuta akwera, malo ogona akwera, ulendo wenicheniwo tachita kukongola. N'zoona, ndipo sindikunena kuti muchite zonse ndatchulazi. Sankhani chimodzi popita, china pobwera, ndi m'mawa umodzi wa padoko. Mukawerengetsa ndalama imene imathera pa zakumwa tsiku limodzi lokha, muona kuti vuto si thumba nthawi zonse. Ena amati ana atopa ndi sukulu, asiyeni apume. Koma kuonera nkhwazi ikutola nsomba si phunziro la m'kalasi, ndipo palibe amene adzawalembetse mayeso pobwerera. Chinanso, madzi a m'malo ena m'mbali mwa nyanja, makamaka odekha ndi a m'mabango pafupi ndi midzi, ali ndi likodzo. Mwana akayamba kukodza magazi patapita milungu kapena miyezi mutabwerera, thamangirani naye kuchipatala ndipo mukanene kuti anasamba m'nyanja. Mankhwala ake alipo.

Mlandu wonse suli pa makolo. Munthu sangapatukire kumalo amene sakuwadziwa. Zikwangwani zolozera malo ambiri amenewa n'zochepa, zina zinafufutika, ndipo timabuku tofotokoza za malowa timalembedwa m'Chingerezi poganizira mlendo wa ku London, osati banja la ku Chilomoni. Akuluakulu oona zokopa alendo ndi makhonsolo aike zikwangwani za m'Chichewa ndi m'Chiyao pamsewu, aonetsetse kuti malo osungira zakale ndi otsegula pa masiku a tchuthi pamene anthu ali ndi mpata, ndiponso aphunzitse achinyamata a m'midzi yomweyi kuperekeza alendo pamtengo wodziwika. Eni malo ogona nawo, m'malo moitanitsa zimkuzamawu zokha, aziitanako magulu a beni kapena manganje a m'midzi yoyandikana nawo n'kuwalipira bwino.

Kwa inu akonzi, pempho langa ndi lakuti isanafike Disembala mutumize mtolankhani ayende msewu wa Liwonde, Mangochi mpaka Monkey Bay, abwerere kudzera ku Golomoti ndi Mua, atilembere m'Chichewa mitengo yolowera ya chaka chino, nthawi yotsegulira ndi mmene misewu ilili. Mukatero mudzachitenso chimodzimodzi ndi Senga Bay, Nkhotakota ndi Nkhata Bay, poti kumenekonso anthu ake ali ndi zawo zoti anene.

Ine wanu,
Kholo lina, Mangochi