Kalata kwa Chisomo, yokhudza dzina lake

Wokondedwa mwana wanga Chisomo,

Ndikukulembera kuchokera kuno ku Nkhoma, kumene mvula yayamba ndipo anthu ali kalikiliki kubzala chimanga. Bambo ako anandiuza pa foni kuti tsiku lina unabwerako kusukulu uli ndwii, chifukwa m'kalasi mwanu kumeneko ku Kawale muli ana anayi a dzina loti Chisomo, mmodzi mwa iwo ndi mnyamata, moti aphunzitsi akaitana dzinali nonse mumacheuka. Akuti unafika popempha kuti akusinthe dzina. Popeza ndine amene ndinakutcha dzinalo, ndaona kuti ndi udindo wanga kukufotokozera kumene linachokera. Mawu amene akukuvuta uwafunse mayi ako madzulo akatha kuphika.

Chisomo ndi chinthu chabwino chimene munthu amalandira osachigwirira ntchito ndiponso osachilipira. Munthu akalima ganyu n'kupatsidwa ndalama, amenewo ndi malipiro, koma akadwala m'nyengo yolima, anzake n'kubwera kudzamulimira munda wonse osayembekezera kanthu, ameneyo wachitiridwa chisomo. Lamulungu likubwerali udzatchere khutu pomaliza mapemphero, pamene abusa amakweza manja n'kunena kuti, "Chisomo cha Ambuye Yesu Khristu, ndi chikondi cha Mulungu." Mawu amenewa ali pa 2 Akorinto 13:14, ndipo dzina lako ndilo liwu loyamba.

Tsopano ndikuuze chinthu chimene ngakhale bambo ako anachidziwa atakula kale. Agogo ako aakazi, amene anabereka ineyo ndi bambo ako, anabatizidwa dzina loti Ana. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa anafika ku Mvera mu 1889, kenaka anamanga kuno ku Nkhoma mu 1896, ndipo kwa zaka zambiri pambuyo pake anthu ochuluka akamabatizidwa ankasiya dzina lakumudzi n'kutenga la m'Baibulo, monga Mariya, Rute, Esitere kapena Ana. Dzina loti Ana linachokera ku dzina la Chihebri loti Hana, mayi uja amene analira popemphera ku Silo kuti Mulungu amupatse mwana, nabereka Samueli. Tanthauzo la Hana ndi chisomo.

Ine nditabadwa, maina a Chingerezi ndiwo anali otchuka, choncho ananditcha Grace. Dzinali linachokera ku liwu la Chilatini loti gratia, ndipo linafala ku England cha m'ma 1600, pamene Akhristu otchedwa Puritans ankakonda kutcha ana awo aakazi maina a makhalidwe abwino, monga Faith, Hope ndi Mercy. Nalonso tanthauzo lake ndi chisomo. Makolo anga sanazichite dala. Anangolimva dzinalo n'kulikonda. Ndinali ku koleji yophunzitsa aphunzitsi pamene ndinazindikira kuti ine ndi mayi anga tinali ndi dzina limodzi m'zilankhulo ziwiri, ndipo nditawauza anaseka mpaka misozi kulengeza m'maso, n'kunena kuti patsala wa Chichewa.

Liwu loti chisomo anthu akhala akuliwerenga m'Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, koma masiku amenewo sankafulumira kulisandutsa dzina la mwana. Maina akumudzi kawirikawiri ankanena zimene banja likudutsamo. Mwana wobadwa m'nthawi ya zowawa ankamutcha Mavuto, womwalira kholo lake ankakhala Masiye, ndipo mayi amene ana ake ankangomwalira ankatha kutcha khanda lake Maliro. Sindiwaweruza akuluakuluwo, chifukwa ankaika ana ambiri m'manda ndipo dzina ndilo linali malo onenerapo za kukhosi. Komabe mtima wanga umavutika ndikaganiza za mwana wonyamula chisoni cha akuluakulu moyo wake wonse.

Dziko lathu litalandira ufulu mu 1964, ndiponso Chichewa chitakhazikitsidwa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968, pang'onopang'ono makolo anayamba kunyadira maina a kwathu, ndipo mipingo inazolowera kubatiza ana ndi maina omwewo. Kusinthaku ndakuona ndi maso anga m'kaundula wa m'kalasi. Pamene ndinali mwana wasukulu, atsikana ambiri tinali a Grace, Joyce, Agnes ndi Mercy. Lero ndikamaitana maina m'mawa ndimatchula Tadala, Mphatso, Takondwa, Yamikani ndi Chisomo, ndipo ambiri mwa mainawa sasankha mnyamata kapena mtsikana, n'chifukwa chake mnzako wamwamuna uja ali nalo dzina lofanana ndi lako. Ukaona a Chisomo anayi m'kalasi limodzi, dziwa kuti mabanja anayi anali ndi chinthu chachikulu chothokozera Mulungu.

Chathu ife chinali ichi. Unabadwa masiku ako asanakwane, uli wamng'ono kwambiri moti ndinkaopa kukunyamula, ndipo mayi ako anakhala milungu ingapo m'chipatala atakumangirira pachifuwa ndi chitenje, usana ndi usiku, kuti uzimva kutentha kwa thupi lawo. Bambo ako ankakwera minibasi tsiku lililonse atanyamula phala ndi nsima. Mchombo utagwa, ndipo utatulutsidwa m'chikuta, anandipempha ine monga zakhali kuti ndikutche dzina. Ena akanati Mavuto, ndipo sakananama, pakuti mavutowo analipodi. Ine ndinakuyang'ana ukuyamwa mwamphamvu, ndinakumbukira mawu a agogo ako aja, amene anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo ndinati uyu ndi Chisomo, wa Chichewa amene anatsala uja.

Ndidzabwera ku Kawale sukulu zikatsekera pa Khirisimasi, ndipo ndidzatenga khadi la ubatizo la agogo ako kuti udzaone wekha dzina loti Ana litalembedwa ndi inki. Pakadali pano uwafunse anzako atatuwo amene anawatcha dzinali ndi chifukwa chake, kuti udzandiuze ndikadzafika. Upereke moni kwa bambo ako ndi mayi ako.

Ndine azakhali ako okukonda,
Grace