Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a mbiri yakale: nkhani ya kurultai

A Wapampando ndi mamembala nonse,

Msonkhano umene munandituma uja unali ndi mitu yambiri, koma ndikhazikika pa kurultai, bwalo lalikulu la Amongolia ndi mitundu yolankhula zinenero za Turkic, chifukwa ambirife timauza ana kuti chinali chisankho ngati cha masiku ano. Sichinali choncho.

Dzinali limachokera ku mneni wa Chimongolia, quri-, kutanthauza kusonkhana basi. Tsinde lomweli linabala khural, msonkhano, ndi khurim, phwando la ukwati. A zinenero za Turkic anachita kubwereka liwuli, koma poti nawonso ali ndi mneni kur-, kukhazikitsa, ambiri amaliyesa lawo. Lero ku Turkey msonkhano waukulu wa chipani chandale cha CHP umatchedwa kurultay, nyumba ya malamulo ya ku Mongolia ndi Ulsyn Ikh Khural, ndipo ya ku Bashkortostan ili ndi dzina la Kurultai.

Kurultai wotchuka ndi wa 1206 kumene mtsinje wa Onon unayambira. Uko Temüjin anamupatsa dzina la Chinggis Khan, anadzutsa mbendera yoyera ya michira 9, n'kuika atsogoleri a magulu 95 a asilikali 1,000 gulu lililonse. Zindikirani kuti nkhondo anali atapambana kale; bwalo linangovomereza.

Kayendetsedwe kake nkotere. Mfumu ikamwalira, woyang'anira mpando, kaya mkazi wamasiye kaya mwana, ankatumiza amithenga kwa a banja lachifumu ndi akuluakulu a nkhondo. Ankakonda kukumana udzu utamera, poti khwimbi la akavalo silingadikire pouma. Zokambirana zenizeni zinkathera m'mahema. Wosankhidwayo ankakana kangapo mwamwambo, kenako anthu ankavula zipewa, kukoleka malamba m'mapewa ndi kumugwadira. Pambuyo pake phwando la mkaka wosasa wa akavalo ndi kugawa chuma. Manja sankawerenga. Kubwera ndiko kunali kuvomera, kusabwera kunali kukana.

Apa ndi pamene zinkasokonekera. Chinggis Khan atamwalira mu 1227, zinatenga zaka ziwiri kuti mwana wake Ögedei alongedwe mu 1229. Iyeyo atamwalira mu 1241, mkazi wake Töregene anagwira mpando pafupifupi zaka zisanu, chifukwa Batu, mdzukulu wa Chinggis Khan amene ankalamulira kumadzulo, ankazengereza ati miyendo ikumupweteka. Mwana wa Töregene, Güyük, analongedwa mu 1246 pafupi ndi likulu la Karakorum Batu palibe, pomwe mthenga wa Papa, Giovanni da Pian del Carpine, analipo n'kulemba zimene anaona. Güyük atamwalira, mu 1251 zinatembenuka: Batu anakankhira pampando Möngke, wa nyumba ina ya banja lachifumu, ambiri a nyumba ya Ögedei anakana kubwera, ndipo otsatira awo ochuluka anaphedwa. Möngke atamwalira, mu 1260 panachitika mabwalo awiri a abale ake, la Kublai ku Kaiping, kumpoto kwa China, ndi la mng'ono wake Ariq Böke cha ku Karakorum. La Kublai linali ndi chilema choti linachitikira kunja kwa dziko la makolo. Mlanduwo unagamulidwa ndi nkhondo imene inatha mu 1264 Ariq Böke atagonja.

Tisaiwalenso kuti si ufumu wokha umene unkakambidwa. Bwalo la 1235 ndilo linagwirizana za nkhondo yopita kumadzulo, imene inakafika ku Poland ndi Hungary mu 1241.

Pempho langa nlakuti pa zolemba zathu za ophunzira tichotse liwu loti chisankho, tiikepo kulonga ufumu, ndipo tiwonjezere mapu oonetsa Onon, Karakorum ndi Kaiping, chifukwa popanda mtunda umenewu mwana sangamvetse mkangano wa 1260. Nkhaniyi ikhale pa ndondomeko ya msonkhano wathu ukubwerawu.

Ndine nthumwi yanu.