Kalata Yochokera ku America: Mitengo Yosintha Mtundu mu Okutobala

Wokondedwa mdzukulu wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi amayi ndi abambo ako, ndiponso kuti ukulimbikira sukulu ngakhale kuti dzuwa la Okutobala likuswa mtengo kumeneko. Kuno mwezi womwewu ndi umene kuzizira kumayamba, ndipo ndafuna kukusimbira za ulendo umene amalume ako ananditenga kukaona mitengo ikusintha mtundu.

Tinanyamuka ku Boston m'mamawa kulowera kumpoto, kudera la New Hampshire, kumene kuli msewu wotchuka wotchedwa Kancamagus Highway. Msewuwu ndi wotalika makilomita pafupifupi 55 kuchokera m'tauni ya Lincoln kukafika ku Conway, ndipo umadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya White Mountain. Anautsegula mu 1959, ndipo anaupatsa dzina la mfumu ina ya anthu a mtundu wa Pennacook, amene ali m'gulu la eni nthaka oyambirira a kumeneku. Panjira yonseyo palibe malo omwetsera mafuta, choncho amalume ako anadzaziratu galimoto tisanalowe m'mapirimo.

Mdzukulu wanga, mapiri onse anali ofiira, achikasu ndi amtundu wa lalanje, kuyambira m'mbali mwa mtsinje wa Swift mpaka pamwamba penipeni, ndipo anthu ochokera kutali ankaimika magalimoto awo n'kutuluka kuti aone bwino. Ndikudziwa kuti ufunsa chifukwa chake, pakuti ndiwe mwana wofunsafunsa. M'tsamba lililonse muli kanthu kobiriwira kamene kamathandiza mtengo kupanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa. Masana akayamba kufupika ndipo usiku ukamazizira, mtengo umasiya kupanga kanthuko pokonzekera chisanu, ndiye chikasu chimene chinabisika m'tsambamo chimaonekera. Kufiira kumene kumaoneka kwambiri pa mitengo ya maple kumachokera ku shuga wotsalira m'masamba, makamaka masana akakhala owala ndipo usiku wozizira. Pakangopita milungu yochepa masamba onsewo amayoyoka, mitengo n'kutsala mbulanda mpaka chisanu chitatha. Uwafunse abambo ako akuonetse mitengo ya mombo ndi tsamba mu Seputembala chaka chamawa, chifukwa nayonso imafiira, koma yathuyo imafiira pamene masamba atsopano akuphuka.

Pobwerera tinaima pamunda wa maapozi, pomwe munthu amapatsidwa thumba n'kukathyola yekha zipatso mumtengo, kenaka n'kulipira. Kumeneko ndinamwa madzi a maapozi ofinyidwa kumene, otenthetsedwa ndi kuthiramo sinamoni, ndipo ndinadyera madonasi ofewa amene ufa wake amaukanda ndi madzi omwewo. Maungu nawo anali mbwee, ena aakulu oti iwe sungawanyamule. Anthu a kuno amaphikira maungu makeke okoma, koma ambiri amangowaika pakhomo ngati chokongoletsera, ndipo masamba ake sadya n'komwe. Zimenezi zinandikhudza mtima, poganizira nkhwani wotendera amene akanatuluka m'munda umenewo.

Chimene ndinakonda koposa ndi manyuchi a maple, ochokera ku mitengo yofiira ija. Alimi amaboola thunthu chisanu chikamatha, cha mu Febuluwale ndi Malichi, n'kutchera madzi otsekemera pang'ono amene amadontha, ndipo amawawiritsa nthawi yaitali kwambiri, pakuti pamafunika malita pafupifupi 40 a madziwo kuti papezeke lita imodzi yokha ya manyuchi. Ndakugulira kabotolo kamodzi, ndipo ndikadzabwera tidzathira m'phala lako la m'mawa kuti nawenso ulawe.

Undiperekere moni kwa amayi ndi abambo ako, ndipo undiyankhe ndi dzanja lako.

Ndine agogo ako okukonda.