Amalume akukana kuti nditchule matenda omwe anapha mayi anga pa chiliza

Agogo,

Pepani ndilemba zambiri, tulo takana ndipo ndangochoka kumene pa gulu la banja la pa WhatsApp titayankhana zoipa ndi amalume anga. Ndine mayi wa zaka 34, ndimakhala ku Bangwe koma kwathu ndi ku Mulanje. Dzina langa musaliike chonde, kumudzi nyuzi yanuyi amawerenga.

Mayi anga anamwalira mu Ogasiti 2023 ndi khansa ya khomo la chiberekero. Mwezi wamawa tikukatsegula chiliza ndipo abale anandiuza ine kuti ndilembe mbiri yawo yoti ikawerengedwe pamaso pa anthu, poti ndine amene ndinapitako kusukulu. Ndinalemba, ndinatumiza pagulupo kuti aone, ndiye amalume aja angoyankha kuti mzere wa matendawo ufufutidwe, eti ndikufuna kuchititsa manyazi mbumba yawo, eti matenda amenewo ndi a akazi oyendayenda. Agogo, mayi anga oyendayenda? Munthu woti moyo wake wonse unathera pa dengu?

Mayiwa anabadwa 1967, sukulu analekeza sitandade 5. Anayamba kuthyola tiyi kuesiteti akadali mtsikana, kulawirira m'mamawa kuli chiperoni dengu lili kumsana, ndipo zala zawo zinachita kuuma mpaka kale kale. Atasiya zatiyizo anayamba geni ya nthochi ndi zinanazi, kupikula kumudzi n'kukwera nazo minibasi mpaka ku Limbe, ndalama amamanga pansonga ya chitenje ndipo palibe kondakitala anawaberapo chenji, amadziwa masamu kuposa ine wa MSCE. Nthochi zimenezo ndi zomwe zinandilipirira fizi, ndi zomwenso zinagulira achimwene anga pasipoti yopitira ku Joni. Anali mayi wa Mvano, Lachinayi lililonse yunifolomu yosita bwino, ndipo pamudzi pakagwa maliro iwo ndi amene amayamba kufika ndi nkhuni pamutu, kuyambitsa nyimbo usiku wonse mawu osatha. Ana a eni angati anadyera pakhomo pathu? Ngakhale ana a amalume omwewa anakulira pa mphika wa mayi anga. Bambo anga analipo inde, koma zawo ndisiye kaye.

Matendawa anayamba ndi kutaya magazi atasiya kale kusamba. Sanauze munthu, amachapa tinsalu tawo usiku n'kuyanika m'nyumba. Pomwe ine ndimamva nkuti amalume atawazunguza kale kwa asing'anga, mbuzi itapita, ndalama za geni zitatha, mphini thupi lonse. Lero akuti ine ndinachedwa kuwatenga. Ndinachedwa bwanji poti amandibisira? Ndikaimba foni amati ali bwino ndi msana chabe. Nditawabweretsa ku Queens madokotala anati yafalikira kale, opaleshoni singathandize, ndipo nthawi imeneyo makina a radiotherapy, owotchera khansa aja, munalibe m'Malawi muno, ofunika zimenezo amatumizidwa kunja ngati ku India, ndiye ife a nthochi tikanatani. A ku Tiyanjane, kiliniki ya pa Queens pomwepo yosamalira odwala matenda osachiritsika, ndi amene anatithandiza ndi mofini wa madzi uja kuti aziwonako tulo, ndipo nesi wina anandikhazika pansi n'kundifotokozera bwinobwino, kuti khansa imeneyi imayamba ndi kachilombo ka HPV, kamene anthu ambiri amatenga pogonana osadziwa n'komwe, ngakhale mayi amene anadziwa mwamuna mmodzi yekha moyo wake wonse, ndipo kamavuta kwambiri ngati chitetezo cha m'thupi chatsika. Pali zinanso za m'thupi mwa mayi anga zomwe sindilemba pano, anazitengera kwa munthu amene sindimutchula, amene anakwatiranso chaka chisanathe n'komwe. Koma iyeyo palibe akumunena, pa chiliza adzakhala pampando wakutsogolo.

Ine ndi amene ndinasiya ntchito ya mushopu. Ine ndi amene ndimawasambitsa, kuwatembenuza, kuchapa zofunda, ndipo amene anadwazikapo matenda amenewa akudziwa za fungo lija, alendo amaima pakhomo n'kupereka moni ali panja. Mayi amazindikira, amandiuza kuti mwanawe tsegula windo anzako asavutike. Namondwe wa Freddy atagwetsa khoma la nyumba yawo kumudzi mu Malichi muja iwo ali kwanga, analira nyumbayo kuposa mmene analirira matenda awo, ankati ndikachira ndikaumba njerwa ndekha.

Ndiye pa maliro owerenga mbiri anangoti adwala nthawi yaitali basi. Anthu asanamalize n'kudya komwe nkhani inali itafala kale yoti analodzedwa ndi gogo wina woyandikana nafe chifukwa cha malire a munda. Gogo ameneyo anali mnzawo wa mayi wa ponda apa nane mpondepo, anabwera mpaka ku Bangwe ndi ndalama yake ya transipoti kudzawaona atanyamula ufa ndi nandolo, anagona pansi pambali pawo. Lero pachitsime samuyankha moni, adzukulu ake akunyozedwa kusukulu, ndipo ndikuopa kuti tsiku lina anyamata adzamuchita chipongwe ngati zomwe timamva pa wailesi zija. Zonsezi chifukwa choti amalume akuona kuti ufiti ndi wopepuka kuutchula kusiyana ndi khansa.

Komanso zina zimandiwawa ngakhale muziona ngati zazing'ono. Mayi aang'ono anatenga bulangete lomwe ndinagula ine ndi ndalama yanga ku Limbe, latsopano, mayi anangofunda mwezi umodzi, atenganso mapoto akuluakulu aja ndi zitenje zonse za mu sutikesi osandisiyira ngakhale chimodzi choti ndizikumbukira, koma nthawi yodwazika anangobwera tsiku limodzi n'kumati mutu ukuwapweteka. Achimwene ku Johannesburg anatumiza ndalama ya simenti, zikomo, simenti inakwera zedi kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 muja, sindikukana, koma ndiye akuona ngati agula chiliza chonse ndi pakamwa panga pomwe. Akuti mlongo usalimbane ndi eni mbumba, werenga zomwe akufunazo tibwerere mwamtendere. Iwo mayi akubuula usiku sanawamve, amangoimba video call mphindi ziwiri n'kumati limbani mtima.

Ine sindikufuna kunyoza munthu pa chiliza. Ndikufuna anthu amve kuti mayi anga anali ndani, ndipo amve chomwe chinawatenga, chifukwa tsiku limenelo amayi a mudzi wonse adzakhala pompo ndipo ndikudziwa kuti ena mwa iwo akuchapanso tinsalu usiku. Ine ndinakayezetsa kuchipatala chaching'ono zija za viniga zoyezera khansa imeneyi, ndi zaulere ndipo sizitenga nthawi. Katemera wa HPV anayamba 2019 kwa atsikana a zaka 9, wanga anabayitsa, koma mdzukulu wa amalume anamuletsa eti amatseka kubereka. Mayi anga akanamva zimenezi zaka khumi zapitazo bwenzi lero ali ku Limbe ndi nthochi zawo, izi ndi zomwe zimandisowetsa tulo.

Tsono Agogo ndithandizeni. Ndikawerenge mbiriyo mmene ndinalembera amalume asakufuna, podziwa kuti mawa ndikadzakhala ndi vuto m'banja kapena maliro ndi iwo omwewo adzandiimire? Kapena ndiyambe ndakaonana ndi abusa ndi amayi a Mvano kuti mwina iwo ndi amene akanene, kapena ndipite kwa amfumu za gogo uja chiliza chisanafike? Nanga mayi eni ake amene anabisa matendawa mpaka kwa ine mwana wawo, kodi ndikawatchula pagulu sindikuwavula ali m'manda? Ndipo bambo anga ndikawaona atakhala kutsogolo ndi mkazi watsopanoyo ndidzawapatse moni bwanji, poti mtima wanga sunawakhululukire?

Ine wosweka mtima,
Bangwe, Blantyre