Misewu ina ya m'phiri la Zomba ikhale ya njinga ndi oyenda pansi okha

Akonzi,

Ndiloleni ndipereke maganizo anga kudzera m'nyuzipepala yathuyi pa nkhani ya misewu ya pamwamba pa phiri la Zomba. Pempho langa likupita kwa a nthambi ya zankhalango, amene amayang'anira nkhalango ya m'phirimo, kwa makhonsolo a mzinda ndi boma la Zomba, komanso kwa akuluakulu oona zokopa alendo. Ndikupempha kuti ina mwa misewu yafumbi ya m'nkhalangomo ipatulidwe kuti muzidutsa njinga zakapalasa ndi anthu oyenda pansi okha, ndipo galimoto ndi njinga zamoto ziziyenda kwina.

Sindikupempha kuti boma lilambule msewu watsopano, chifukwa misewuyo ilipo kale. Inalambulidwa pofuna kubzala, kusamalira ndi kukolola mitengo ya paini, ndipo imafika pafupifupi paliponse pamene mlendo angafune kuona. Munthu wochokera ku hotela ya Ku Chawe angathe kudzera ku damu la Mulunguzi, limene limamwetsa mzinda wa Zomba, n'kufika pa mathithi a Williams ndi ku damu laling'ono la Chagwa. Chakum'mawa kuli Queen's View ndi Emperor's View, malo achiwiriwa anapatsidwa dzinalo pokumbukira ulendo wa Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia, ndipo kukakhala kopanda mitambo munthu amaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje ali pamenepo. Chakumadzulo kuli dzenje la Chingwe, pamphepete penipeni poyang'ana chigwa cha Shire, ndi nsonga ya Malumbe, imene ndi yaitali mamita opitirira 2,000. Malo onsewa ndi otalikirana kwa woyenda pansi, koma kwa wapagalimoto amatha msanga asanaone n'komwe kanthu. Wapanjinga ndiye angathe kuwazungulira tsiku limodzi, akuima pamene wafuna.

Kupatula msewu si chinthu chachilendo ku Zomba. Akuluakulu akukumbukira kuti kale kunali misewu iwiri yopapatiza, Up Road wokwerera ndi Down Road wotsikira. Pamene umodzi unakulitsidwa kuti galimoto zizitha kupatukirana, winawo unatsalira makamaka anthu oyenda pansi. Chimene chinasowa n'kuutenga msewu wotsalawo ngati chuma, kuukonza mifuleni ndi kuuikira zikwangwani.

Ena adzafunsa kuti galimoto zavuta chiyani, popeza m'phirimo sizichuluka ngati mumsewu wa M3. Vuto si kuchuluka kwake ayi, koma mtundu wa msewu. Misewu ya m'nkhalango ndi yopapatiza, ili ndi makona obisika ndi mitengo, ndipo mbali ina kumakhala phompho. M'miyezi ya June ndi July chifunga chimatsika mwadzidzidzi moti chinthu chimene chili patsogolo pako umachizindikira utachifika kale. M'chilimwe lole yonyamula zipika ikadutsa, fumbi lofiira limatsala lili tolotolo kwa kanthawi, wapanjinga n'kumapalasa maso ali otseka. M'dzinja matayala a malole amakumba ngalande ziwiri zakuya, madzi n'kumathamanga m'menemo, ndipo zikauma zimasanduka msampha wa tayala lakutsogolo la njinga. Munthu wamkulu wozolowera amapirira zonsezi, koma palibe kholo limene lingalole mwana wake wa zaka khumi kuphunzira kutsetsereka pamalo otero.

Ndisanapitirire ndi za alendo, ndiyenera kunena za anthu amene amayenda panjinga m'phirimo tsiku ndi tsiku, omwe ndi abambo otsitsa nkhuni. Aliyense wokhala ku Zomba amawadziwa. Amakwera m'mamawa akukankha njinga yopanda katundu, ndipo potsika nkhuni zimakhala zitasanjidwa pakaliyala mpaka kupitirira mutu wa mwini wake, zitamangidwa ndi malamba odulidwa ku chubu chakale. Pamtsetse ambiri sakwera n'komwe, amayenda pambali atagwira mabuleki onse awiri, phewa litatsamira katundu kuti njinga isawathawe. Galimoto ikatulukira pakona, munthu wotereyu alibe kothawira, chifukwa kupatuka msanga ndiko kugwetsa katundu yense. Ndikudziwa kuti nkhani ya nkhuni ndi yovuta, popeza phirilo lametedwa kwambiri ndipo si mtengo uliwonse wotsika umene unadulidwa ndi chilolezo. Imeneyo ndi ntchito ya lamulo la zankhalango la 1997 ndi alonda ake. Koma ndikukana msanga maganizo akuti msewu wa njinga ukhale wa alendo ovala zipewa zodzitetezera okha, eni dera n'kuthamangitsidwamo. Tikatero tidzakhala tamanga chinthu chimene anthu a m'midzi yozungulira phiri adzadana nacho, ndipo chimene anthu adana nacho m'nkhalango chimathera pa moto.

Maiko ena anachita kale zoterezi, ndipo njira imene anatsata ndi yosalira ndalama zambiri. Ku England, m'dera lamapiri la Peak District, limene linakhala paki yoyamba ya dzikolo mu 1951, anatenga njanji zimene sitima zinaleka kuyendamo, n'kuzula zitsulo, n'kusalaza njirazo kuti muziyenda njinga, akavalo ndi anthu apansi. Njira ya Tissington, yotalika makilomita pafupifupi 21, inatsegulidwa mu 1971, ndipo ya Monsal inatsegulidwa mu 1981, koma mapanga ake aatali odutsa pansi pa mapiri anawatsegulira anthu mu 2011. Phunziro lake ndi lakuti anayamba ndi chimene chinalipo, n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Kusiyana kwake n'kwakuti njanji simakwera chitunda chachikulu, choncho njira zawozo ndi zosavuta ngakhale kwa agogo, pamene zathuzi zili ndi zitunda zothetsa mpweya. N'chifukwa chake zikwangwani zathu ziyenera kunena zoona. Njira yozungulira kufupi ndi damu ndi mathithi ilembedwe kuti ndi ya banja lonse, ndipo yopita ku dzenje la Chingwe ilembedwe kuti ndi ya anthu amphamvu, okhala ndi njinga ya magiya ndi mabuleki abwino, otenga madzi akumwa ndi chovala cha mphepo.

A zankhalango adzanena kuti paini ndi mbewu, ndipo ikakhwima iyenera kukololedwa ndi kutsitsidwa pa lole. Adzanenanso kuti moto ukabuka m'miyezi ya September ndi October, galimoto yonyamula ozimitsa iyenera kudutsa paliponse. Zonsezi ndi zoona, ndipo yankho lake ndi chipata cha mpiringidzo chokhala ndi loko, makiyi ake ali ndi a zankhalango. Pamene chigawo china chikukololedwa, msewu wa kumeneko utsekedwe kwa apanjinga kwa masabata amenewo, chikwangwani chiikidwe pachipata, ndipo wogula mitengoyo alamulidwe m'pangano lake kusalaza msewu akamaliza. Okalamba ndi anthu aulumali nawonso ali ndi ufulu woona phiri lawo, choncho msewu umodzi wopita ku Emperor's View ukhalebe wa galimoto. Anthu apanjinga akuthandizanso pa chitetezo, chifukwa msewu wodutsa anthu pafupipafupi umachititsa manyazi wocheka mitengo mozemba, ndipo utsi umaoneka msanga.

Za phindu sindilonjeza mamiliyoni. Ndingonena chimene ndimaona m'mbali mwa msewu wokwera phiri, pamene anyamata ndi amayi amaima ndi timbale ta mabulosi ndi zipatso zina za m'phirimo, akuthamangira galimoto iliyonse imene nthawi zambiri imangodutsa mawindo ali otseka. Wapanjinga amaima yekha popanda womuitana, chifukwa watopa ndipo ali ndi njala. Amafunanso womulondolera njira, womubwereka njinga, ndi wokonza njinga pamene tcheni chaduka kapena chubu chaphulika. Amisiri okonza njinga tili nawo pamsika uliwonse, ndipo anyamata operekeza alendo alipo kale pa Ku Chawe. Ndalama yolowera ikhale yochepa kwa Amalawi, kuti ophunzira a pa University of Malawi, ana a sukulu za mumzinda ndi mabanja ochokera ku Blantyre azibwera Loweruka osaona ngati malowo ndi a azungu. Gawo lina la ndalamayo lizilipira magulu a m'midzi yoyandikana ndi phiri amene azitsegula mifuleni ndi kulambula njira zotchinga moto.

Ku Nyika, paki imene inakhazikitsidwa mu 1965, alendo ofika ku Chelinda amapalasa njinga pakati pa mbidzi ndi nyama zina, koma ulendo wokafika kumeneko ndi wautali ndiponso wodula kwa Mmalawi wamba. Zomba ali pamsewu wa tala, makilomita osapitirira 70 kuchokera ku Blantyre, ndipo phirilo limayambira mumzinda mwenimweni.

Choncho ndikupempha kuti akuluakulu amene ndawatchulawa akhale pansi pamodzi ndi mafumu a m'mphepete mwa phiri, operekeza alendo ndi otsitsa nkhuni, asankhe msewu umodzi wokha woyambira. Autseke kwa galimoto kuyambira mwezi wa May, mvula ikatha, mpaka kumapeto kwa August, aike zikwangwani m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chingerezi, ndipo mlonda wa pachipata azilemba m'kaundula aliyense wolowa ndi njinga. Chiwerengero cha m'kaundulamo ndicho chidzasonyeze ngati kuli koyenera kupatula msewu wachiwiri chaka chotsatira.

Wokonda phiri la Zomba,
Zomba