Tithandizeni Kumanga Chiliza cha Msilikali Wathu Wakale ku Lifuwu

Ife a komiti ya chitukuko ya m'mudzi mwathu kuno ku Lifuwu, m'boma la Salima, mogwirizana ndi amfumu komanso akubanja, tikupempha thandizo kuti timange chiliza cha malemu bambo athu amene anatisiya chaka chatha. Achinyamata ankangowadziwa ngati mlimi wa mpunga wa Kilombero, wosalola ngalande kumera udzu. Koma bambowa anali m'gulu la asilikali omwe dziko lino linayamba kutumiza ku Mozambique mu 1987 kukalondera njanji ya Nacala pa nthawi ya nkhondo ya Renamo. Atapuma usilikali anabwerera ku khasu. Akubanja paokha sangakwanitse ntchitoyi.

Tinadikira dala kuti manda adutse dzinja lathunthu. Dothi la kuno ndi makande: likanyowa limafufuma, likauma limang'aluka, ndiye chiliza chomangidwa mothamanga chimatitimira mbali imodzi n'kusweka. Maziko tikumba mozungulira, pa dothi lolimba, kuya masentimita 60, osati pamwamba pa dzenje lenilenilo.

Tikusowa matumba 10 a simenti a makilogalamu 50, njerwa zootcha 600, zitsulo zitatu zolimbitsira konkire za Y10 (zonenepa mamilimita 10), mpukutu umodzi wa bulikifosi (waya woyala pakati pa mizere ya njerwa), mawilibala 8 a miyala ya kwale, ndi ndalama ya mmisiri. Mchenga ndi madzi tituta tokha. Pa konkire, thumba limodzi lipita ndi wilibala imodzi ndi theka ya mchenga, miyala chimodzimodzi. Pa matope omangira njerwa, thumba limodzi mawilibala atatu. Simenti yokhalitsa, yoti yachita mibulu, chonde musatipatse, siigwira. Komanso dzuwa la October kuno silisewera: konkire ikapanda kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, imachita ming'alu, choncho amayi agawana kale masiku otunga madzi.

Tikufuna kuvundukula chilizachi Lamulungu lachiwiri la November, tsiku lomwe dziko limakumbukira asilikali omwe anafera kunkhondo, mvula isanalimbe. Thandizo lanu lifikire kwa msungichuma wa komiti kudzera kwa amfumu. Chilichonse chilembedwa m'kaundula n'kuwerengedwa pa msonkhano wa mudzi.

Kwa inu akuluakulu amene munagwira nawo ntchito ya usilikali, tili ndi pempho lapadera. Mapepala a malemu anadyedwa ndi chiswe, ndiye amene mukukumbukira nambala yawo ya usilikali, udindo ndi bataliyoni, bwerani mutiuze mmisiri asanayambe kuzokota mwala.