Lipoti la ulendo wa ku San Antonio: malipiro a makochi ndi m'mene makoleji amawagwirira kuti asachoke

A Wapampando, a Mlembi, a Msungichuma ndi makochi anzanga nonse,

Pepani kuti lipotili lachedwa. Ndinafika pakati pa Epulo, koma ndinapeza ntchito ya kusukulu itaunjikana. Ndalilemba lonse kuti aliyense awerenge yekha, chifukwa ndamva kuti ena akuti ndinapita ku America kukangoonera mpira ndi ndalama za bungwe. Mpira ndinaoneradi, koma tikiti yolowera m'bwalo sinachoke m'thumba la bungwe. Anandigulira mnyamata amene ndinkamuphunzitsa kale, yemwe pano akugwira ntchito ku Texas, ndipo ndi yemweyo anandipezera pogona. Bungwe linalipira theka la tikiti ya ndege ndi alawansi ya masiku asanu. Theka linalo ndinadzisakira ndekha.

Munandituma ku msonkhano wa makochi a basketball wa bungwe la NABC, lomwe linayamba mu 1927. Msonkhanowu umachitika chaka ndi chaka mumzinda momwe mukuseweredwa Final Four, ndime ya matimu anayi otsala pa mpikisano wa makoleji a ku America. Mu 2025 kunali ku San Antonio. Tsiku loyamba linatha ndi za malamulo a oimbira, makompyuta odulira vidiyo ndi amalonda otsatsa zida zimene ife sitingazigule. Ndinalemba pang'ono, wofuna andipeze. Maphunziro a kachingidwe ndinapindula nawo, ndipo ndidzawaonetsa pabwalo tikakumana, chifukwa papepala sangamveke.

Loweruka pa 5 Epulo ndinali m'bwalo la Alamodome, kumtunda kwenikweni, pakati pa anthu oposa 60,000. Anzanga, chimene ndinaona usiku umenewo sindidzachiiwala. Duke inali patsogolo pa Houston ndi mapointi 14 kutatsala mphindi ngati 8, ndipo ena pafupi nane anali atayamba kale kukamba za fainolo. Anyamata a Houston sanabalalike. Anachinga mpaka Duke inasowa polowera, moti m'mphindi khumi zomaliza inaponya basiketi imodzi yokha kupatula ma free throw (kuponya kwaulere mdani akalakwira malamulo). Masewero anathera 70 kwa 67, Houston yapambana. Ndinaimirira ndekha osadziwa. Mu Duke munali Khaman Maluach wa ku South Sudan, ndipo mu Florida, imene inachotsa Auburn tsiku lomwelo, munali Rueben Chinyelu wa ku Nigeria. Onse awiri anadzera ku sukulu ya basketball ya NBA Academy Africa ku Senegal. Ana athu a mu Africa muno, akusewera pamaso pa chinamtindi chotero! Lolemba pa 7 Florida inatenga chikho pogonjetsa Houston 65 kwa 63, itatsalirapo ndi mapointi 12 m'chigawo chachiwiri.

Ndayamba ndi Houston dala, chifukwa nkhani ya kochi wake ndi imene inandimasulira zonse zomwe ndinamva pa zokambirana za makontirakiti kumsonkhano kuja. Kelvin Sampson anafika ku Houston mu 2014 timu ili yofooka, mabenchi ali apululu. Yunivesite inamumangira malo ochitira maphunziro a timu, kenako inakonzanso bwalo lonse, munthu wina wachuma, Tilman Fertitta, ataperekapo madola 20 miliyoni. Mwana wake wa Sampson, Kellen, ali pabenchi pomwepo ngati wothandizira. Kelvin anali ndi zaka 69 pa nthawiyo, atafikitsa timuyi ku Final Four kawiri, mu 2021 ndi 2025, ndipo anali akadali pomwepo. Malipiro ake ndi aakulu, inde, koma chimene ndinaona ine n'chakuti anampatsa zipangizo zoti ntchito ituluke, ndi anthu oti agwire nawo.

Kontirakiti ya kochi kumeneko ili ndi zigawo. Pali malipiro enieni a yunivesite, amene nthawi zambiri amakhala gawo laling'ono. Ndalama yambiri imalembedwa ngati ya ntchito zina: kuyankhula pa wailesi ndi pa TV, kukumana ndi othandiza timu, ndi mgwirizano wa kampani ya nsapato ndi yunifolomu. Pamwamba pake pali mabonasi olembedweratu: mukalowa mpikisano waukulu mulandira zakuti, mukafika Final Four zakuti, mukatenga chikho zakuti. Ena amaikanso bonasi yongothokoza kuti tsiku lakuti lafika kochi akadali pantchito. Ndiye pali ndalama yothetsera mgwirizano, imene imadula mbali zonse: yunivesite ikamuchotsa popanda mlandu imamulipira, iyeyo akachoka nthawi isanakwane amalipira, kapena amamulipirira amene akumutengawo. Ndipo pa mayunivesite a boma mapepala amenewa sabisika, atolankhani amatha kuwaitanitsa n'kuwerenga. Ndalamazi gwero lake lalikulu ndi TV, matikiti ndi zopereka za anthu achuma okonda timu. Mgwirizano wa NCAA, bungwe loyendetsa masewero a makoleji, ndi makampani a TV a CBS ndi Turner woonetsa mpikisanowu kuyambira 2025 mpaka 2032 ndi wa madola 8.8 biliyoni.

Dzina limene linali pakamwa pa aliyense ndi la Dan Hurley wa ku UConn, yunivesite ya Connecticut. Anatenga chikho zaka ziwiri zotsatizana, 2023 ndi 2024. Mu June 2024 timu ya Los Angeles Lakers, ya mu ligi yaikulu ya NBA, inamuikira madola 70 miliyoni pa zaka 6. Anakana, n'kusainira UConn madola 50 miliyoni pa zaka 6 zomwezo. Munthu kusiya 20 miliyoni pathebulo! Chosiyana nacho ndi cha Kevin Willard, chimene chinali chitangochitika kumene. Anafikitsa Maryland m'ndime ya matimu 16 otsala, koma mpikisano uli mkati anadandaula poyera kuti pulogalamu yake sikupatsidwa zokwanira, mpaka anatchula kuti anamukaniza kugona ndi timu usiku umodzi wowonjezera ku New York ati n'zodula. Atangotuluka mumpikisano anapita ku Villanova. Nditamva za usiku umodziwo ndinakumbuka kwathu kuno nthawi yomweyo.

A Wapampando, mbewa ya manyazi inafera kuuna, choncho ndinena. Tonse tikumudziwa mayi mnzathu amene anatenga timu ya atsikana ya koleji ina ilibe ndi mipira itatu yomwe, n'kuifikitsa potenga chikho. Anagwira zaka zinayi popanda kalata. Ndalama ya sopo imene anamulonjeza pakamwa inkabwera patatha miyezi, nthawi zina osabwera n'komwe. Minibasi yopita ku masewero akutali anailipira ndi za m'thumba mwake kangapo, ndipo ine ndinali pomwepo tsiku lina akuwagulira atsikana mabanzi ndi Sobo chifukwa cheke sichinasainidwe. Chikho chitabwera akuluakulu anajambulitsa nacho. Kalabu ina ya m'tauni itamuitana, palibe anamufunsa kuti mayi, tichite chiyani kuti mukhale? Lero timu ija ikugonja ndi aliyense, atsikana abwino anamutsatira, ndipo anthu omwewo akuti mayiyo ndi wosayamika. Nkhani yake ndinaibweretsa ku komiti, ndipo mfundo ya makalata a makochi yakankhidwira kutsogolo pa misonkhano itatu. A Mlembi akhoza kuona m'maminitsi ngati ndikunama.

Ndikudziwa yankho limene ndilandire, chifukwa ndalimva kale: ku America ndi ku America, ife tilibe TV yolipira mabiliyoni. Zoona zimenezo, ndipo sindinabwere kudzapempha mamiliyoni. Koma pa zokambirana zija sikunali a ndalama okhaokha. Kunali mkulu wina woyang'anira zamasewero pa koleji yaing'ono, amene ananena mosabisa kuti kochi wake akachita bwino amadziwiratu kuti akuluakulu abwera kudzamutenga. Zitsanzo zilipo: Shaheen Holloway anafikitsa kakoleji ka Saint Peter's m'ndime ya matimu 8 mu 2022, masiku ochepa chabe n'kupita ku Seton Hall. Dusty May anafikitsa Florida Atlantic ku Final Four mu 2023, anakhalako chaka chimodzi n'kupita ku Michigan. Walira mvula walira matope, ukafuna chikho udziwe kuti mtengo wa kochi wako ukwera. Chimene mkulu uja amachita n'kukhala pansi ndi kochi nyengo isanathe, osati kalata ya ena itafika kale, ndiponso kuonetsetsa kuti wothandizira wake akulipidwa ndi kuphunzitsidwa, kuti tsiku lochoka likafika timu isagwe. Kukhala pansi ndi munthu kumafuna madola angati? Kalata ya masamba awiri imafuna TV?

Pali mbali ina imene sindinagwirizane nayo, ngakhale ambiri m'chipindamo ankaiyamikira. Ndikunena makontirakiti aatali omangirira sukulu. Kentucky inapatsa John Calipari zaka 10 za madola 86 miliyoni mu 2019, pokumbukira chikho cha 2012 ndi mbiri yake. Mu Malichi 2024 timu yake inatuluka m'ndime yoyamba, itagonja kwa Oakland, ndipo kuti amuchotse anayenera kumulipira madola oposa 30 miliyoni. Zinawathera bwino chifukwa anachoka yekha kupita ku Arkansas. Kansas nayo inapatsa Bill Self kontirakiti imene imangodziwonjezera chaka chilichonse, ndipo mu 2023 anaikonzanso kufika madola 53 miliyoni pa zaka 5. Kwa ine kumeneko n'kupitirira muyezo. Sukulu ndi sukulu, ndipo kochi, ngakhale ndine mmodzi mwa iwo, sayenera kukhala wosakhudzika. Amene anandigwira mtima ndi Tony Bennett wa ku Virginia. Atatenga chikho mu 2019 anakana kumukwezera malipiro, n'kupempha kuti ndalamazo zipite kwa omuthandizira ndi kukonza pulogalamu. Koma taonani, yemweyo anasiya ntchito mu Okutobala 2024 ali ndi zaka 55 zokha, atanena kuti sakugwirizananso ndi m'mene masewero a makoleji akuyendera masiku ano.

Zimene ankanenazo ndi izi. Kuyambira Julaye 2021 osewera amaloledwa kupeza ndalama kudzera m'dzina ndi nkhope zawo, ndipo kusamuka sukulu kwaphweka kwambiri. Tsiku lomwe la fainolo, khothi ku Oakland ku California linkamva za mgwirizano woti mayunivesite azilipira osewera mwachindunji, mpaka madola pafupifupi 20.5 miliyoni pa sukulu pachaka. Ndiye kochi wa lero asanasaine amafunsa kaye kuti osewera mwawaikira zingati. Izi kwathu sizinafike, ndipo sindikhalitsapo. Ndingowonjezera kuti nditabwerera kuno ndamva kuti Florida yamupatsa kochi wake Todd Golden, amene anali ndi zaka 39, kontirakiti yatsopano ya zaka 6 ya madola 40.5 miliyoni, patangotha mwezi umodzi chitengereni chikho. Sanadikire kuti wina agogode.

Za amayi zinakambidwa mochepa kwambiri, ndipo zimenezi zinandikhumudwitsa. Fainolo yawo inali ku Tampa, komwe UConn inagonjetsa South Carolina 82 kwa 59. Geno Auriemma ali pa UConn chiyambire 1985 ndipo chimenechi chinali chikho chake cha 12. Dawn Staley wa South Carolina, amene anatenga zikho mu 2017, 2022 ndi 2024, anasaina mu Januwale 2025 kontirakiti ya madola oposa 25 miliyoni. Pa malipiro a pachaka inali yaikulu kwambiri pa makochi a matimu a amayi, komabe yerekezerani ndi ya Hurley. Kuno kwathu n'chimodzimodzi, kandalama kakachepa amene amayamba kuiwalidwa ndi kochi wa atsikana.

Chimene ndikupempha n'chakuti bungwe lathu lilembe chitsanzo cha kalata ya mgwirizano, ndipo titumize ku makoleji onse amene ali m'ligi yathu nyengo ikubwerayi isanayambe. Ikhale ya zaka ziwiri, osati kupitirira. Inene ndalama imene kochi azilandira ndi tsiku lolandirira, bonasi ya chikho ilembedwe nyengo isanayambe ngakhale itachepa bwanji, ndipo ndalama ya mayendedwe ndi chakudya cha osewera ikhale payokha, isadzachokenso m'thumba la kochi. Kwa ife amene tilinso aphunzitsi a m'kalasi, kalatayo inene kuti mapiriyodi achepetsedwe nthawi ya ligi. Wothandizira nayenso atchulidwe dzina lake mmenemo. Ena adzati makoleji akana. Akane titawapatsa pepala, tidziwe amene wakana, kusiyana n'kumangodandaulirana pa WhatsApp.

Ndabwera ndi chitsanzo cha kontirakiti chimene kochi wina wa koleji yaing'ono anandipatsa atafufuta mayina ndi ndalama. Ndayamba kale kuchidula kuti chigwirizane ndi kuno, ndipo ndikufuna anthu awiri oti tithandizane, mmodzi akhale wa matimu a atsikana. Malisiti onse ndinapereka kwa a Msungichuma, pamodzi ndi ndalama imene inatsala pa alawansi. A Mlembi, chonde mfundo ya makalatayi iikidwe poyamba pa msonkhano ukubwerawu, osati pa nkhani zina zapadera anthu atayamba kale kunyamuka. Ndipemphanso kuti mayi mnzathu uja aitanidwe, adzatiuze yekha chimene chikanamukhazika.